Kampando m'Khosi mwa Nelson

Nelson anam'peza m'kashedi ka simenti dzuwa litapendeka, atagona chammbali pakati pa matumba, kampando kali m'khosi. Mwendo umodzi wa kampandoko unalowera pansi pa khutu n'kutulukira pafupi ndi kholingo. Magazi anali atasakanikirana ndi fumbi la simenti, ayamba kale kulimba.

Kampando kameneka si kokhalapo munthu. Ndi kachitsulo kopindapinda, kotalika ngati chikhatho, komwe amakhazikapo zitsulo zazitali akamathira silabu, kuti zitsulozo zikhale pakati pa konkiriti, zisagone pa matabwa. Pa nyumba yosanja ya mayi Christina, pamsika wathu kuno ku Vubwi, wopinda timipando anali mmodzi yekha, mphwanga Zikani. Ndipo m'mawa wa tsiku lothira silabulo msika wonse unamumva akutukwana Nelson, chifukwa ng'ombe za ngolo ya Nelson, pobweretsa mchenga, zinaponda mulu wa timipando n'kutiphwathalalitsa.

“Ukabwerezanso ndikubaya nako!” anatero Zikani.

M'mawawo anthu anaseka. Madzulo anakumbukira.

Ine ndine Josephat, ndimanyamula anthu pa honda, njinga yamoto. Ndinafika ndikuchokera kumalire, n'kupeza chigulu chazungulira mulu wa mchenga. Zikani anali pansi. Marko, msuweni wa Nelson, anam'menya ndi njerwa pakamwa, ndipo ndinamva mano akusweka ndili chapatali. Ndinagwetsa honda n'kudziponya pamwamba pa mphwanga. Fosholo inanditera pamsana, ina m'nthiti. Wina ankakuwa kuti petulo, petulo, ndipo ndinaona mnyamata akuzula paipi ya honda yanga yomwe.

Mfuti inalira m'mwamba. Anthu anabalalika pang'ono, pakati n'kutsala mayi wamfupi wovala jekete yakuda. Anali a Sajeni Hilda, ofufuza milandu, omwe anabwera kuno kuchokera ku Katete.

“Wamene afuna kumuyatsa ayambe na ine,” anatero. “Manje futukani.”

Zikani anam'tengera kuchipatala. Anam'soka milomo, n'kum'mangirira dzanja ku bedi ndi unyolo.

*

M'mawa mwake a Sajeni anandipeza pakhonde la chipatala, pomwe ndinagona.

“Imwe, honda yanu iyenda?”

“Iyenda. Koma mukudziwa kuti ndine mkulu wake wa Zikani?”

“Nidziwa. Ndiye simuzachedwa panjira. Koma pakamwa mutseke. Wofunsa ndine.”

Tinayamba ndi Zikani yemweyo. Nkhope inali itatupa, diso limodzi lotsekeka. Mawu ankatuluka ngati akulankhulira m'chikho.

“Sindinatsike pa silabu, mayi. Kuyambira ndowa yoyamba mpaka yomaliza.”

“Ngakhale kukataya madzi?”

“Ndinatayira pamwamba pomwepo, kuseri kwa thabwa.”

“Chifukwa?”

“Anthu a ndowa sayang'ana pansi. Amaponda paliponse. Kampando kakagwa, chitsulo chimagona pa thabwa. Ine ndimayenda patsogolo pa konkiriti ndi ngowe, kudzutsa. Ndikachokapo pang'ono, zitsulo zonse pansi. Silabu yotero njakufa.”

“Nanga mawu aja, akuti ndikubaya?”

Zikani anatseka diso linalo. “Ndinanena. Pakamwa chabe.”

“Pakamwa pakuikani pa mlandu wakupha,” anatero a Sajeni. “Tiyeni, a Josephat.”

*

Kapitawo wa ntchitoyo anali a Davies. Tinawapeza pamwamba pa silabu, atavala ovolosi yochapa, akuwaza madzi ndi ndowa. Anatsika pa makwerero mosathamanga, n'kupukuta manja asanapereke moni. Amalankhula motsitsa ngati munthu wopemphera.

“Mwana uja ndimam'konda ngati wanga, mayi. Ndine ndinam'phunzitsa kugwira chitsulo. Koma mtima wake ndi wapachala. Ndinam'langiza kangapo.”

“Anatsikapo dzulo?”

A Davies anausa moyo. “Sindifuna kum'onjezera mavuto.”

“Yankhani chabe.”

“Anatsika. Tinali kuthira ngodya iyo ya kumsewu. Anati m'mimba mwam'potokola. Anachedwa ndithu.”

Ndinafuna kulankhula, koma a Sajeni anandiponda chala.

“Imwe munali kuti?”

“Pa poka, tsiku lonse.” Analoza kamakina ka petulo kokhala ndi chipaipi chachitali. “Ndimalowetsa mutu wake m'konkiriti, imanjenjemera, miyala n'kukhazikika bwino. Sindipatsa munthu wina.”

“Ikazima?”

“Pansi pamatsala mabowo ngati chisa cha njuchi. Koma zimenezo ndi za anyamata ongoyamba. Ine silabu zanga kafunseni ku Sinda, kafunseni ku Katete. Pansi pake mungadziwonerepo nkhope.”

“Malemu anali ndani kwa imwe?”

“Mlamu wanga. Mlongo wa mkazi wanga.” Anapukuta m'maso. “Munthu wabwino.”

“Ndiye simuli kumaliro?”

“Silabu yatsopano imafuna madzi, mayi. Ikauma msanga ing'ambika. Ndipita.”

Tili pa honda ndinalephera kupirira.

“A Sajeni, kwathu kuno mkamwini sakhala kutali ndi maliro a mlamu wake. Iyeyo ndiye wodula nkhuni, wotumidwa uku ndi uku. Madzi akanatuma aliyense.”

“Ninati mutseke pakamwa.”

Tinadutsa mabampu angapo. Kenako anandigogoda paphewa.

“Mkazi wake ni ndani?”

“Fyness.”

“Tizamuona. Poyamba nipelekeni kwa wa ndowa mmodzi, wamene sagwilizana na banja lanu.”

*

Ndinawatengera kwa a Veronica, omwe sitilankhulana chichokere pamene mbuzi zathu zinadya soya wawo. Tinawapeza akusenda mtedza pamkeka. Amalankhula mokuwa ngati womverayo ali kutsidya la mtsinje.

“Ine ndione chiyani, mayi? Ndowa pamutu, makwerero oterera. Tsiku lonse ndinaona matako a Olipa, yemwe anali patsogolo panga. Mukafuna ndikuuzeni chitenje chake chinali cha maluwa anji, ndikuuzani!”

“Zikani munamuona akutsika?”

“Uja? Uja amangokuwa. Osaponda! Osaponda! Ngati ife tili ndi mapiko. Khutu linachita kuzolowera. Kaya analipo nthawi yonse, kaya anachokapo, sindingalumbire. Ndiname chifukwa cha mbale wa uyu wa mbuzi zakuba?”

A Sajeni anatola mtedza umodzi n'kusenda.

“Palibe chinasinthako tsiku lonse?”

“Chinasintha n'chiyani? Dzuwa lomwelo, njala yomweyo. Kupatula pamene chimakina chija chinakhala chete. Eee, mutu unapuma! Tinayamba nyimbo, n'kumadzimva tokha. Olipa amaimba ngati chitseko.”

“Chinakhala chete nthawi yaitali?”

“Tinamaliza nyimbo, kuyamba ina, kumalizanso, kuyambanso ina.”

“Munali kuthila mbali iti?”

“Ya kumsewu. Ndikudziwa chifukwa minibasi ya ku Chipata inaima pansi pathu, kondakitala n'kumatinena kuti tikuoneka ngati mizukwa ndi simentiyo. Ndinam'yankha zoti sindingabwereze pamaso pa boma.”

A Sajeni anataya makoko n'kuimirira.

“Kumaliro,” anatero kwa ine. “Chisote cha honda musavule, asakuzindikileni.”

*

Honda ndinaibisa kuseri kwa nkhokwe, kutali pang'ono ndi nyumba ya siwa. Amayi ankaimba m'nyumba, amuna atakhala pansi pa mitengo. A Sajeni analowa, n'kutuluka ndi Fyness, atam'gwira pamkono ngati akum'perekeza kuchimbudzi. Anafika naye pomwe ndinali.

Fyness anali atafunda chitenje kumutu. A Sajeni anachikankhira kumbuyo pang'ono. Diso lakumanzere linali ndi chikanga chakuda, m'mbali mwake mwayamba chikasu.

“Ili si la dzulo,” anatero a Sajeni.

Fyness anayang'ana pansi.

“Mayi, kuli munthu kuchipatala wamene afa lelo ngati imwe mukhala chete.”

Fyness analankhula monong'ona, mawu akudukaduka.

“Achimwene anati zakwana. Ndiwo eni mbumba, ndiwo ankhoswe anga. Anati amuna anga, bambo a Diana, atenge zovala zawo, abwerere kwawo ku Sinda. Nyumba ya malata ija anamanga pa dothi lathu. Ana ndi athu. Achoke ndi chikwama basi.”

“A Davies anali atauzidwa?”

“Achimwene anati akawauza dzulo. Akatsitsa mchenga womaliza.”

“Munauzako munthu?”

“Ndiuze ndani?” Anatulutsa dzanja m'chitenje. Pamkono panali zizindikiro za zala zinayi, zakuda, zatsopano. “Bambo a Diana anafika madzulo kudzapepesa maliro. Anandigwira apa pamaso pa anthu, ngati akunditonthoza. Anati ndikayasamula nditsatira achimwene.”

Pamenepo wina anandizula chisoti chakumbuyo. Anali Marko.

“Mbale wa chigawenga uyu! Wabwera kudzazonda!”

Amuna anadzuka pansi pa mitengo. Mwala unaphwanya galasi la honda, wina unandipeza pamwamba pa khutu, magazi n'kutsikira m'kolala. A Sajeni anaika dzanja m'jekete, anthu n'kuima. Ndinaliza honda, iwo n'kudumphira kumbuyo.

Marko anatithamangira mpaka kumsewu akukuwa.

“Tikangoika m'manda tikupita kuchipatala! Unyolo wanuwo utithandiza, sathawa!”

*

Njira yochokera kumanda kupita kuchipatala imadutsa pamsika, kutsogolo kwa nyumba ya mayi Christina. A Sajeni anaimba foni kuitana anzawo, koma galimoto inali kutali, kumalire. Anaimbanso ina, kwa mayi Christina.

Tinawapeza atafika kale, mafoni awiri m'manja, a Davies ali pambali pawo. Mayi Christina amagula soya ndi mtedza, ndipo salankhula ndi munthu kawiri.

“Thabwa limodzi chabe,” anatero a Sajeni. “Pansi pa ngodya ya kumsewu.”

“Mwapenga? Silabu ya dzulo?”

“Igwa, mayi,” anatero a Davies mofatsa. “Matabwa sachotsa isanakhwime. Ndi chuma chanu chimenechi.”

“A Davies, imwe mwati Zikani anatsika pothila ngodya iyi, anachedwa. Ngati ni zoona, anthu a ndowa anaponda tumipando, zitsulo tizazipeza zagona pansi, tonse tizaona na maso. Mlandu wa Zikani uzatha pamenepo. Muopa chani?”

“Sindiopa kanthu. Ndikuteteza ntchito.”

Mayi Christina anatembenuka n'kuwayang'ana a Davies.

“Taimani. Ngati mnyamatayo anachokapo, zitsulo zili pansi. Zitsulo zikakhala pansi, silabu yanga njakufa kale. Ine pamwambapa ndikufuna kuunjikapo matumba, pansi pakhale anthu. Ndiye inu munaona akutsika, n'kupitiriza kuthira?”



“Chotsani thabwalo,” anatero mayi Christina.

Pansi pa silabu panali ngati m'nkhalango. Mitengo ya bulugamu yochirikiza inaima mothithikana, madzi akudontha m'mipata ya matabwa. Ndinagogoda kathabwa kopanira pansi pa mtengo umodzi, mtengowo n'kutsika pang'ono. Ndinalowetsa chitsulo pamphepete pa thabwa n'kukanula. Linalira, n'kugwa.

A Sajeni anayatsa tochi ya foni.

Panalibe chitsulo ngakhale chimodzi chogona pansi. Timiyendo ta timipando tokha ndi tomwe tinkaoneka, timadontho takuda pamzere, kuyambira uku mpaka uko. Koma konkiritiyo inali mabowo okhaokha. Miyala inali pamtunda, yopanda simenti. A Sajeni analowetsa zala m'bowo limodzi, dzanja n'kulowa mpaka pamkono. M'katimo, m'mwamba, tochi inaonetsa chitsulo chitakhala bwinobwino pa kampando kake.

“Wa ngowe analipo,” anatero. “Wa poka ndiye panalibe.”

“Petulo anatha,” anatero a Davies kumbuyo kwathu. Mawu opemphera aja anali atachoka. “Ndinapita kukatenga petulo. Ndi mlandu?”

“Petulo musungila kuti?”

Anayankha ndi mayi Christina, ali panja.

“M'kashedi ka simenti.”

Sindinaone pomwe a Davies anatolera hamala. Inali yaikulu, yoswera miyala. A Sajeni ankatulutsa mfuti pamene hamalayo inawatera pamkono. Fupa linalira ngati nkhuni youma, mfuti n'kugwera m'matabwa. Ndinawalumphira a Davies pakhosi. Anandibaya ndi mpini pa nthiti zomwe zinalawa fosholo dzulo lake, mpweya n'kundithera. Ndinawaluma khutu mpaka ndinamva mchere m'kamwa. Anandiponyera pa mtengo, mutu n'kugunda.

Ndinkayesa abwera kudzandimaliza. Koma anatembenukira mitengo. Anamenya umodzi, unagwa. Anamenya wachiwiri. Ankafuna ngodya yonseyo itsike, ikwirire mabowo ake pamodzi ndi ife.

Pamwamba panayamba kulira ngati chimanga chokazinga. Ndinagwira a Sajeni pa jekete n'kuwakoka chokwawa, kulowera kumsewu. Mtengo wachitatu unagwa wokha. A Davies anataya hamala kuti athawe, koma ovolosi inakola pa msomali wa thabwa lomwe ndinachotsa lija.

Ngodya inatsika yonse. Fumbi linatseka dzuwa.

*

Fumbi litachepa ndinaona anthu. Anali a kumanda aja, atadzaza msewu, makasu ndi zibonga m'manja, Marko patsogolo. Anali pa ulendo wa kuchipatala, chiphokoso n'chomwe chinawaimitsa.

A Davies anali atapanidwa miyendo yonse iwiri, kuyambira m'mawondo. Ankakuwa ngati nkhumba. Pomwe silabu inathyokera, zitsulo zinatulukira pakati penipeni pa konkiriti, timipando tili m'munsi mwake.

A Sajeni anaimirira, mkono ukulendewera, nkhope yotuwa. Anafotokoza mwachidule, akupumira m'mwamba. Anthu ankayang'anana. Ena sanakhulupirire, mpaka Fyness anadutsa pakati pawo, n'kuvula chitenje kumutu, n'kukweza mkono uja kuti aliyense aone.

“Achimwene anabwera kudzawachotsa pamudzi,” anatero mokweza. “Owapha ndi awa.”

Marko anawerama n'kutola chidutswa cha konkiriti. Ena anachita chimodzimodzi. Anayamba kusendera.

“Dzulo munamenya munthu wosalakwa,” anatero a Sajeni. “Nkhope zanu nazisunga. Woponya mwala lelo azagona mu selo na mlandu wakupha. Nifuna manja, tinyamule ichi.”

Palibe anasuntha. Marko sanataye chidutswacho.

Fyness anatola mtengo wa bulugamu womwe unagwa, n'kuulowetsa pansi pa silabu, pafupi ndi miyendo ya mwamuna wake.

“Mutulutseni,” anatero. “Mukamupha pano, ana anga adzakula akumva kuti bambo awo anaphedwa ndi abale anga. Ndikufuna akanene yekha kukhoti chomwe anachita, mwana wathu Diana ali pomwepo akumva.”

Anakanikiza mtengowo yekha, osasuntha kanthu. Kenako a Veronica anatulukira, sindikudziwa kuchokera kuti, n'kugwira nawo.

“Amuna inu mwangoima ngati zitsa! Dzulo mphamvu munali nazo!”

Amuna anabwera mmodzimmodzi. A Davies anawasolola miyendo ili ngati nsanza. Anakomoka asanawakweze pa ngolo.

A Sajeni anandiitana ndi mutu. Anati ndipise m'thumba la jekete yawo. Munali kakiyi.

“Ine nibwela na ngolo. Imwe thamangani mukam'masule. Muuze nesi kuti ndine nakutumani.”

Zikani ndinam'peza ali maso, akuyang'ana chitseko. Anali atamva kale kuti anthu akubwera. Nditamasula unyolo, anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali.

“Ndani?”

“A Davies.”

Misozi inatuluka m'diso lotupa lija n'kutsikira m'milomo yosokedwa.

Patapita nthawi panja panamveka mapazi ambiri, oyenda pang'onopang'ono. Ndinasuzumira pawindo. Anali omwe aja, opanda makasu tsopano, zisoti m'manja. Marko anali pakhonde, akufunsa nesi ngati angalowe kudzaona wodwala.

“Akuti akufuna kupepesa,” ndinatero.

Zikani anayendetsa lilime m'malo momwe munali mano.

“Achimwene, tsekani chitseko.”

Ndinatseka, n'kukokerapo benchi.